Silinda ya Kuseri kwa Chitseko

M'nyumba mwa mayi telala munkalira makina awiri, ndipo onse awiri banjalo linkawathokozera Mulungu. Oyamba anali osokera, a pakhonde, amene ankadyetsa banja. Achiwiri anali kuchipinda, pambali pa bedi la bambo: kabokosi koyera ka timatayala, kong'ung'udza tsiku lonse ngati mphaka wokhuta. Kabokosiko kankakoka mpweya wamba, n'kusefamo okosijeni, n'kumutumiza m'kapaipi kopyapyala kolowa m'mphuno mwa bambo.

Bambowo anagwira ntchito yophwanya miyala zaka makumi awiri ndi zisanu. Fumbi linkawalowa m'chifuwa pang'onopang'ono mpaka mapapo anawauma. Koma munthu wake sanali wodandaula. Ankalankhula moduladula, mawu awiri n'kupuma, atatu n'kupuma, koma nthabwala sanazisiye. Ankati iwo ndi okhawo mumsewu wonsewo amene mkazi wawo anawamanga ndi chingwe cha m'mphuno ngati ng'ombe yapangolo. Madzulo ankakoka kapaipi kawo kakatali kaja mpaka pakhonde, n'kukhala pampando kumaonerera mayi akusoka.

Makina a bambo anali ndi vuto limodzi: ankayendera magetsi. N'chifukwa chake kuseri kwa chitseko kunkaima silinda yachitsulo yofika m'chiuno, yodzaza ndi okosijeni. Magetsi akazima, ankachotsa kapaipi kumakina n'kukalumikiza kusilinda, bambo n'kumapuma mpaka magetsi atayakanso. Pamutu pa silindayo panali kawotchi ka muvi umodzi. Muvi ukaloza pobiriwira ndiye kuti ili yodzaza, ukagwera pofiira ndiye kuti yatha.

Maso a mayi anali atathera m'singano, moti kawotchi kaja sankakaona bwino. Ntchito yoyang'ana muvi, ndiponso yopita kukadzazitsa silinda, inali ya mwana wawo wotsiriza. Anali ndi zaka makumi awiri ndi ndevu zake zomwe, koma aliyense ankangomuitana kuti Mzime.

"Mzime, muvi uli pati?" mayi ankafunsa m'mawa uliwonse.

"Pobiriwira, amayi."

Akamva choncho ankaipendeketsabe silindayo pang'ono, monga amachitira ndi ya gasi wophikira, n'kunena kuti, "Eetu, ndi yolemera." Anamwino amene ankabwera kudzaona bambo anali atawauza kangapo. "Mayi, iyi si ya kukhitchini. Yodzaza ndi yopanda kanthu, m'manja simungazisiyanitse. Khulupirirani muvi basi." Mayi ankavomera ndi mutu, koma dzanja likazolowera silimva za anamwino.

Mzime anali mwana wabwino, ndipo zimenezi tinene poyera. Ankasambitsa bambo ake, kuwameta, kuwawerengera Baibulo. Chinkamudya mumtima n'chakuti sukulu anamaliza koma ntchito kunalibe, pamene anzake ankamudutsa atapachika makiyi m'lamba.

Tsiku lina akukankha silinda pawilibala kuchokera kodzazitsa, anakumana ndi mnzake wa kusukulu amene anthu ankamutcha Suti, chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo jekete sankavula. Ameneyu anagulitsapo mafuta omeretsa tsitsi, kenako tiyi wophwetsa mimba, ndipo palibe dazi limene linamera kapena mimba imene inaphwa. Koma pakamwa anali napo.

"Aise! Iweyo umazidziwa zimenezi?" Suti anafunsa akugogoda silinda ndi chala. "Ndiye Mulungu wakutumiza. Tiye ukaone."

Anakwera naye masitepe a pamwamba pa sitolo ya nsapato. M'chipindamo munali tebulo lalitali, mipando inayi yaitali miyendo, magetsi a buluu ndi nyimbo zapansipansi. Patebulo panali mabotolo a galasi a madzi amitundumitundu, akubwata popanda moto. Pabotolo lililonse panatuluka kapaipi kofanana ndendende ndi ka bambo ake.

"Iyi ndi bala, koma yopanda mowa," anatero Suti. "Anthu otsogola masiku ano akumwa mpweya. Wa fungo la mandimu, wa malalanje, wa bulugamu. Munthu amakhala apa mphindi khumi, matsire balala, kutopa balala, ubongo kuwala, khungu see!"

"Mpweya womwewu? Waulerewu?"

"Madzi si aulere? Nanga a m'botolo umagula bwanji? Tamvera, chaka chamawa tikhala ndi mabala atatu, china tikhala ndi khumi. Koma ine mapaipiwa amandizunguza mutu. Ndikufuna dokotala wa pano."

Anatsegula kabati n'kutulutsa jasi yoyera. Mzime ataivala n'kudziyang'ana pagalasi, mtima unamudumpha. Kwa nthawi yoyamba anaona munthu woti anthu angamupatse ulemu.

Kunyumba nkhaniyo sinalandiridwe ndi nthungululu.

"Ine ndimasokera munthu amene akusowa malaya," anatero mayi osadzutsa mutu pamakina. "Zogulitsa chinthu kwa munthu amene ali nacho kale, kaya. Mutu wangawu ndi wakale."

Tsikulo anamwino analipo. Anatulutsa kachipangizo kawo kopana chala, koyezera okosijeni m'magazi, n'kupana chala cha Mzime. Kanalemba 98. Anapana cha bambo, kapaipi kali m'mphuno, kanalemba 90.

"Waona, achimwene? Magazi ako ndi okhuta kale. Ndowa yodzaza ukaithira madzi ena amapita kuti?"

"Amatayika."

"Basi. Anthu ako akungogula fungo ndi magetsi a buluu. Ndipo zonunkhirazo zikakhala za mafuta zimatha kuvulaza chifuwa cha munthu. Wina akadzangoyatsa ndudu pafupi, mudzaona moto umene simunauonepo. Okosijeni ndi mankhwala, si maswiti."

Bambo anayang'ana Mzime. "Mwana wanga... ntchito funa... koma wakutsina khutu... ndi mnansi."

Mzime anati wamva. Anamva ndi khutu lakumanzere, zinatulukira lakumanja.

Masabata oyamba bala inkadzaza. Anyamata ochokera kothamanga ndi atsikana a maofesi ankabwera kudzadzijambula ali ndi timapaipi m'mphuno, akuseka. "Adokotala, ndiikireni wa mandimu!" Mzime ankayenda ngati pansi pali masipulingi. Chimene sankafuna kuona n'chakuti nkhope zinkasintha tsiku ndi tsiku. Amene wabwera kamodzi sankabweranso.

Timapaipi titaperewera, Mzime anatsegula kabati ya bambo ake n'kutengamo tiwiri tatsopano tosungira. Anadziuza kuti palibe angadziwe, ndipo palibedi anadziwa. Uku ndi kumene kunamulimbitsa mtima.

Makina a Suti anali akale, ogula kwa wina. Ankalephera kukwanira mipando inayi, ndipo magetsi akazima makasitomala ankanyamuka akunyogodola.

"Aise, kwanu kuli silinda yongoima kuseri kwa chitseko ngati mlonda wopanda ntchito," anatero Suti tsiku lina.

"Ija usaitchule. Ndi moyo wa bambo."

"Ndani wanena zakuba? Kubwereka. Madala ali ndi makina awo, akupuma bwinobwino. Mwezi uno magetsi azima kangati? Umabwera nayo masana, madzulo yabwerera. Kapena ukufuna uzingokhala wokankha wilibala mpaka imvi?"

Mawu otsirizawo ndi amene anabaya. M'mawa mwake Mzime anauza mayi kuti akukadzazitsa silinda, n'kukhotera kubala. Madzulo anabwera nayo muvi utatsika kufika pakati.

"Mzime, muvi uli pati?"

"Pobiriwira, amayi."

Bodza loyambalo linamuwotcha pakhosi tsiku lonse. Lachiwiri linangomukanda pang'ono. Pofika lachisanu linkatuluka lokha ngati moni. Ankati akaona kuti muvi watsika kwambiri, ankathamangira kukadzazitsa, ndipo poti tsoka linali lisanagwe, anayamba kudziona ngati wochenjera.

Kenako kunabwera nkhani ya phwando. Mtsikana wina wa kubanja lolemera anafuna kukondwerera tsiku lake lobadwa kubalako, Loweruka masana, ndi anzake khumi ndi awiri.

"Apa ndiye potulukira pathu," anatero Suti. "Silinda ibwere yodzaza Lachisanu, tiyeserere, igone konkuno."

"Amayi akaona kuti kuseri kwa chitseko kulibe kanthu?"

Suti anaseka n'kukoka nsalu pakona. Panali silinda ina, mtundu womwewo, msinkhu womwewo, kawotchi kake kali pamutu. Anaitola kwa ogula zitsulo zakutha. Munalibe ngakhale mpweya wozimitsira kandulo.

"Ikaime iyi. Masteni saona, si wanena wekha? Lamulungu m'mawa wabweza."

Lachisanu masana, mayi atapita kukapereka zovala kwa kasitomala, Mzime analowa kuchipinda chonyang'ama. Bambo anali m'tulo. Akusuntha masilindawo, chitsulo chinagunda chitseko.

"Mzime... ukutani... kuseriko?"

"Ndikusesa, bambo."

"Mwana wabwino," anatero bambo, n'kutsekanso maso.

Loweruka m'mawa muvi unali gone pofiira. Mzime anauyang'ana, n'kuyankha mayi ake monga mwa masiku onse. Mayi anapendeketsa silinda ija. "Eetu, ndi yolemera."

Phwando linayamba bwino. Atsikana ankasinthana pamipando, mabotolo akubwata, mafoni ali m'mwamba. Cha m'ma 3 koloko kunja kunada bii, mphepo inayamba kumenyetsa mawindo, mvula inakhuthuka. Mphezi inang'anima kamodzi, magetsi n'kuzima. Nyimbo zinaduka, mabotolo anasiya kubwata, alendo anayamba kudandaula.

Suti anakwera pampando. "Musatekeseke, mabwana ndi madona! Ena magetsi akazima amatseka. Ife tili ndi silinda! Adokotala, tsegulani!"

Anthu anaomba m'manja. Mzime analumikiza mapaipi mwaukatswiri, n'kupotokola chotsegulira. Mpweya unalira kuti tsiii, mabotolo anayambanso kubwata, atsikana anakuwa mokondwa. Iye anamwetulira. Ndipo kumwetulirako kusanathe, anayang'ana pawindo n'kuona kuti msewu wonse wazima, mpaka kutsidya, mpaka kumene kunali nyumba yawo. 

Foni inalira m'thumba la jasi.

"Mzime! Mzime, uli kuti?" Anali mayi. "Silinda sikutulutsa kanthu! Ndatsegula mpaka pamapeto, ndagwedeza, palibe! Bambo ako milomo yada, akungokoka malaya pachifuwa. Ndichite chiyani, mwana wanga? Ndiuze, iwe ndi amene umadziwa!"

Mzime anayang'ana mipando inayi ija. Anthu anayi athanzi, masaya onenepa, ankaseka ndi mpweya wa bambo ake m'mphuno. Anatseka silinda n'kuzula mapaipi.

"Iwe, wapenga?" Suti anamugwira jasi. "Ukufuna kundivula pamaso pa anthu? Mphindi khumi zokha, aise. Madala ndi olimba aja."

"Ndisiye!"

"Ukatuluka nayo usadzapondenso pano!"

Mzime anavula jasiyo n'kuisiya m'manja mwa Suti. Anasenza silinda paphewa, n'kutsika masitepe. Wilibala analibe. Magalimoto ankangomudutsa akumuwaza matope, palibe amene anafuna kuimira munthu wonyowa wosenza chitsulo. Anathamanga. Anagwa pangalande, bondo linang'ambika, anadzuka. Njira imene ankaiyenda akuimba mluzu tsikulo inatalika ngati ikuthawa. Ankangoti, "Ambuye, musawatenge. Langani ine, iwo musawatenge." Panatha mphindi zoposa makumi atatu.

Atakhota pakona ya kwawo anamva phokoso limene sanaliyembekezere. Pansi pa windo la chipinda cha bambo panali kajenereta kakang'ono, kakulira, atakafunditsa lata. Chingwe chake chinalowera pawindo. Pambali pake panaima wometa wa nyumba yoyandikana nawo, ali chinyowere, pamodzi ndi bambo wina wachilendo wometedwa mbali imodzi ya mutu, nsalu yometera ikadali m'khosi.

Wometayo anali atamva kukuwa kwa mayi telala ali pakati pa ntchito. Sanafunse zambiri. Anazula jenereta imene ankayendetsera makina ake ometera, kasitomala anagwira mbali ina, n'kuthamanga nayo pamvula. Anthu otere alipo, ndipo Mulungu aziwadalitsa. Kasitomala uja palibe anamufunsa n'komwe dzina.

Kuchipinda kabokosi koyera kanali kakung'ung'udza. Bambo anali gone, nkhope yotuwa ngati phulusa, maso otseka, koma chifuwa chinkakwera ndi kutsika. Mayi anali chogwada pambali. Ataona Mzime ali ndi silinda paphewa, magazi akuyenderera pamwendo, anadzuka n'kumukumbatira.

"Mwana wanga! Waipeza kuti pamvula yonseyi? Anthuni, taonani mwana amene Mulungu anandipatsa!"

 Mawu aja anamupweteka Mzime kuposa bondo.

Silinda yomweyo ndi imene bambo anapumira m'galimoto popita kuchipatala. Anagonekedwa masiku asanu ndi anayi. Adokotala anati akanachedwa pang'ono pokha bwenzi tikunena zina, ndipo anawonjezera kuti mtima wavulala chifukwa chokhala nthawi yaitali osalandira mpweya wokwanira.

Masiku oyambawo Mzime ankatamandidwa. Azibale, a kutchalitchi, aliyense wobwera kudzazonda ankamugwira chanza. Iye chakudya chinkamukanika. Tsiku lachitatu bambo atatsitsimuka, mayi anayamba kulankhula ali pambali pa bedi, anamwino aja aliponso.

"Wodzaza masilinda uja ndikaonana naye. Kutipatsa chitsulo chopanda kanthu! Ndikamunenera kwa akuluakulu ake, achotsedwe ntchito. Komanso ine ndemwe, chitsiru cha mkazi. Munandiuza, anamwino, kuti ndisamakhulupirire dzanja. Ndikanapha mwamuna wanga ndi manja angawa."

Analira.  Anamwino anangotembenuka n'kuyang'ana Mzime, chifukwa ankadziwa amene ankawerenga muvi m'nyumba muja.

Khomo lothawira linali lotsegula. Akanangokhala chete, munthu wosalakwa akanataya ntchito, mayi akanasenza mlandu mpaka kumanda, iye n'kukhalabe ngwazi. Mzime anagwada pasimenti.

"Amayi, musamunenere munthu uja. Inunso simunalakwe. Silinda yopanda kanthu ndinaika ndine. Ya bambo ndinapita nayo kubala. Muvi unali pofiira, ine ndinati pobiriwira. Ndakhala ndikukunamizani mwezi wathunthu."

 Mayi anamuyang'ana ngati akumuona koyamba.

"Iwe?" anatero motsitsa. "Iwe unali maso anga. Ndinakufungatira pamaso pa anthu, ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha iwe, iwe uli chete? Bambo ako ankafa m'manja mwanga, iwe ukununkhiritsa anthu mandimu?"

"Ndalakwa, amayi."

"Usandiuze ine. Auze awo."

Mzime anakwawa ndi maondo mpaka pabedi. Sanathe kudzutsa nkhope. Anamva dzanja lopepuka likumugwira pamutu, ndipo bambo anayamba kulankhula, liwu lililonse akulikoka kutali.

"Mpweya... ndatsala nawo... wochepa. Sindiutaya... pokutukwana." Anapuma nthawi yaitali. "Ndakukhululukira. Dzuka."

Mzime analira ngati mwana wakhanda, ndipo panalibe amene anamuletsa.

Kukhululuka kunabwera, koma zimene zinawonongeka sizinabwerere. Bambo anatuluka m'chipatala, koma pakhonde sanafikenso. Kuyenda mapazi asanu okha kunkawathetsa mphamvu, moti dziko lawo linatsala bedi ndi windo. Mayi anatenga miyezi kuti ayambenso kuseka ndi mwana wawo. Bala ya Suti inatsekedwa isanakwanitse ndi theka la chaka lomwe, pakuti anthu atatha kudzijambula panalibenso chowabweretsa. M'chipinda muja munalowa wokonza mafoni, ndipo Suti anamveka kuti wayamba kugulitsa magalasi a maso oletsa ukalamba.

Mzime anapita yekha kukapepesa kwa wodzaza masilinda, amene sankadziwa n'komwe kuti ntchito yake inali pangozi. Anapitanso kwa wometa, n'kupempha kuti amuphunzitse ntchito. Lero amameta pampando wachiwiri, pafupi ndi kwawo, pamene angamve mayi ake akaitana. Bambo anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri, ndipo Mzime amati tsiku lililonse la zaka zimenezo linali mphatso imene sanaiyenere. Akamanena zimenezi amathokoza Mulungu, amathokoza anamwino amene anamuyang'ana osalankhula, amathokozanso munthu wometedwa mbali imodzi amene sanadzamuonenso.

Tsono inu achinyamata, imvani bwino. Kutenga chinthu mwini wake asakudziwa si kubwereka, ndi kuba, ngakhale mutalumbira kuti mubweza mawa. Bodza limene mukuuza kholo lanu lero likhoza kudzakhala chingwe cha pakhosi pake. Mnzanu amene akukuuzani kuti muike moyo wa munthu pachiswe kuti inu mutchuke si mnzanu, muthaweni. Mzime anapeza bambo ake akupuma chifukwa mnansi anali ndi jenereta ndi mtima wabwino. Si nyumba iliyonse imene ili ndi wometa pafupi.